Mpata uli ndi mtengo wake: zoyenera ndi zosayenera polinganiza zilembo za DNA

Kuno ku Msongwe, chimanga chikangomera, mlimi amalawirira kumunda kukaona pofunika kupakiza. Mizere iwiri yoyandikana inadzalidwa tsiku limodzi, ndi chingwe chimodzi, koma wina wamera mapando 40, unzake 37. Palibe mlimi amene amaima kumapeto kwa mzere n'kunena kuti atatu omaliza ndiwo akusowa. Amayenda pang'onopang'ono, diso uku diso uko, phando ili moyang'anizana ndi linzake, mpaka apeze pamene mbewa inafukula. Akapapeza, mizere ija imagwirizananso mpaka kumapeto.

Ntchito yomweyi ndi imene amagwira munthu wolinganiza zilembo za DNA. Kaya ndi chambo cha ku Nkhata Bay, chinangwa cha kondowole, kaya tizilombo ta chifuwa chachikulu, DNA yake imalembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, C, G ndi T. Tizilombo monga HIV, poliyo ndi COVID-19 tili ndi RNA, koma m'makompyuta timasungidwa ndi zilembo zomwezi. Mapuloteni ali ndi zilembo 20. Zamoyo zikamaberekana mibadwomibadwo, chilembo china chimasanduka chinzake, china chimathothoka, pena chimalowerera chatsopano pamene panalibe. Ndiye mukaika mindandanda iwiri, wina pamwamba wina pansi, mumayenera kusiya mipata, yolembedwa ndi timizere, pamene zilembo zinathothoka. Koma mipata ikakhala yaulere, mindandanda iwiri iliyonse mungaikoke uku ndi uko mpaka ioneke ngati ya pachibale, ngakhale wina uli wa nsomba wina wa chinangwa. N'chifukwa chake mpata uliwonse amaulipitsa chindapusa, chimene m'mapulogalamu chimalembedwa kuti gap penalty. Zilembo zikagwirizana mwapata malikisi, zikasemphana akuchotserani, mukatsegula mpata mwalipa. Kompyuta imasaka kalinganizidwe kamene katsale ndi malikisi ochuluka.

Nyengo ya kafukufuku wa chaka chomaliza ikafika, ophunzira amabwera pakhomo panga ndi malaputopu awo, ndipo mawu amene ndimawabwereza kwa aliyense ndi amodzi: chindapusacho sichinalembedwe mu DNA. Amachiika ndi munthu, ndipo amene wachiika ndiye mwini yankho. Zili m'munsizi ndalembera iwo, komanso aliyense amene tsiku lina adzatsegule fayilo ya zilembozi ku Mzuni ku Luwinga, ku Lunyangwa, kapena mu labotale ya chipatala.

1.

Choyenera: Linganizani kamodzi ndi manja, pa pepala la masamu, musanakhudze kompyuta. Njira yake anaifalitsa Saul Needleman ndi Christian Wunsch mu 1970, ndipo siivuta. Jambulani tebulo, mndandanda wina mopingasa pamwamba, wina motsika m'mbali. Kabokosi kalikonse kamafunsa funso limodzi: kuti ndifike pano ndi malikisi ochuluka, ndichokere kuti? Njira ndi zitatu basi. Mukachokera pangodya ya kumtunda kumanzere, ndiye kuti zilembo ziwiri zayang'anizana. Mukachokera pamwamba, mwasiya mpata mu mndandanda wina. Mukachokera kumanzere, mpata uli mu unzake. Lembani nambala yaikulu mwa zitatuzo, ndi kamuvi koloza kumene yachokera. Mukafika kabokosi komaliza, pansi kumanja, bwererani potsata timivi monga mlenje amalondolera mapazi a nyama, ndipo kalinganizidwe katuluka kokha. Mukachita zimenezi mudzaona ndi maso anu chinthu chimene pulogalamu simakonda kuulula: m'timabokosi tina timivi timakhala tiwiri, kusonyeza kuti mayankho awiri alingana mphamvu.

Chosayenera: Musamanene kuti kompyuta yapeza zimene zinachitika. Yapeza njira yotchipa malinga ndi mitengo imene mwaipatsa. Ndipo siikana ntchito: muipatse zilembo zotola mwachisawawa, ikulinganizirani ndithu. Poti zilembo za DNA ndi zinayi, pafupifupi 25 pa 100 zilizonse zimagwirizana mwangozi popanda n'komwe mpata, ndipo mipata ikalowa nambalayo imakwera.

2.

Choyenera: Kutsegula mpata kukhale kokwera mtengo, kuutalikitsa kukhale kotsika. Mbewa ikalowa mumzere imafukula mapando otsatizana ulendo umodzi. Sipafunika mbewa zitatu kuti mapando atatu asowe. Mu DNA n'chimodzimodzi: zilembo zingapo kuthothoka pamodzi ndi ngozi imodzi, osati zingapo. Mu 1982 Osamu Gotoh wa ku Japan anaonetsa njira yowerengera mitengo iwiriyi popanda kuchedwetsa ntchito. M'malo mwa tebulo limodzi pamakhala atatu: limodzi la zilembo zoyang'anizana, awiri enawo okumbukira ngati muli kale m'kati mwa mpata, kuti musalipirenso khomo limene munalowera kale. Taonani mindandanda iwiri iyi, ya zilembo 8 ndi 6:

CATGGATC
CA--GATC

CATGGATC
CA-G-ATC

Konse kuwiri zilembo 6 zagwirizana. Pulogalamu ya Needle ya m'gulu la EMBOSS imapereka malikisi 5 pa zilembo za DNA zogwirizana, imachotsa 4 pa zosemphana, imalipitsa 10 potsegula mpata ndi 0.5 pa chilembo chilichonse chowonjezera. Kalinganizidwe koyamba kapata 30 kuchotsa 10.5, kutsala 19.5. Kachiwiri katsegula makomo awiri, ndiye 30 kuchotsa 20, kutsala 10. Koyamba kapambana, ndipo m'pomveka, chifukwa kakufotokoza nkhaniyo ndi ngozi imodzi.

Chosayenera: Musalipitse chilembo chilichonse chosowa mtengo wofanana. Mukati chilichonse ndi 4, onse awiri apamwambawa apata 22, ndipo pulogalamu ingosankha kamodzi osakuuzani kuti panali kena. Komanso musakweze chindapusa mpaka mpata uzioneka ngati tchimo. Pa zilembo zomwezi, kwezani chotsegulira kufika pa 20 muone. Kalinganizidwe kabwino kaja katsika kufika pa 9.5, ndipo poti Needle siilipitsa mipata ya kunsonga pokhapokha mutaiuza, isankha aka:

CATGGATC
--CAGATC

Zinayi zagwirizana, ziwiri zasemphana, malikisi 12. Tsopano lipoti lanu linena kuti zilembo ziwiri zinasanduka, pamene poyamba linkati ziwiri zinathothoka. DNA ndi yomwe ija. Mwasintha nambala imodzi yokha.

3.

Choyenera: Dziwani manambala amene pulogalamu yanu inabwera nawo, ndipo muyese ena. BLAST ya mapuloteni imayambira pa 11 ndi 1, pamodzi ndi tebulo la malikisi la BLOSUM62 limene Steven ndi Jorja Henikoff anafalitsa mu 1992. BWA-MEM, imene imaika tizidutswa tifupitifupi pa mndandanda waukulu, imayambira pa 6 ndi 1. Manambalawa ndi abwino, anthu anawayesa pa ntchito zambiri, koma sanawayese pa fayilo yanuyo. Chitani katatu: ndi manambala obwera nawo, ndi okwererapo, ndi otsikirapo. Zigawo zimene sizikusuntha katatu konse, ziyikireni kumbuyo molimba mtima. Zimene zikuyendayenda, lembani poyera kuti pamenepa sipakudziwika bwino.

Chosayenera: Musanyamule nambala ya pulogalamu ina kukaiika mu inzake. Chindapusa chimayendera limodzi ndi tebulo la malikisi. 10 pamene chilembo chogwirizana chikupata 5 si 10 yemweyo pamene chikupata 1. Ngakhale kawerengedwe kamasiyana. Mu BLAST mpata wa chilembo chimodzi umadya 11 kuwonjezera 1, kukhala 12, pamene mu Needle umadya 10 yekhayo, 0.5 ija n'kuyambira pa chilembo chachiwiri.

Choipa koposa ndi kusakasaka manambala amene akupatseni yankho limene mtima wanu ukufuna. Izi ndinachitapo ine ndemwe. Ndinali ndi mapuloteni awiri amene ndinkakhulupirira kuti ndi a mtundu umodzi, ndipo usiku wina ndinatsitsa chindapusa pang'onopang'ono, nambala ya zogwirizana n'kumakwera, mpaka mtima unakhala pansi. M'mawa mwake nditayang'anitsitsa ndinapeza timipata ta chilembo chimodzichimodzi titamwazika ponseponse ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete. Palibe chamoyo chimene chimasintha motero. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinafufuta zonse, ndipo kuyambira tsiku limenelo manambala ndimawalemba m'kope ndisanaone zotsatira.

4.

Choyenera: Dzifunseni kaye ngati mukufananiza chinthu chathunthu ndi chathunthu chinzake, kapena mukusaka kachidutswa m'kati mwa chinthu chachikulu. Njira ya Needleman ndi Wunsch imayenda kuyambira chilembo choyamba mpaka chomaliza. Ya Temple Smith ndi Michael Waterman, ya mu 1981, inawonjezera lamulo limodzi: kabokosi kasatsike kupyola ziro. Malikisi akatha mumayambanso, ndipo pomaliza mumatenga chigawo chokhacho chimene chagwirizana bwino, zotsalazo n'kuzisiya.

Nkhani ya poliyo ikuonetsa kulemera kwa ntchito yathunthu. Pa 17 February 2022 dziko lino linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo ya mtundu woyamba, yosachokera ku katemera, patangopita chaka ndi theka Africa italengezedwa kuti yathana nayo. Malabotale a ku South Africa ndi ku America atawerenga zilembo za kachilomboko, anapeza kuti n'kachibale ndi kamene kankazungulira m'chigawo cha Sindh ku Pakistan. Gene imene amawerenga pa ntchitoyi, VP1, ili ndi zilembo pafupifupi 900, ndipo amaifananiza yonse. Pa poliyo ya mtundu woyamba, kusiyana kwa zilembo 10 zokha ndi za kachilombo ka mu katemera n'kokwanira kuti kaikidwe m'gulu lina. Mpata umodzi woikidwa polakwika ungabale kusiyana kwabodza kochuluka kuposa pamenepo.

Chosayenera: Musakakamize kachidutswa ka zilembo 600 kuyenda ulendo wonse ndi mndandanda wa zilembo 16,000 mukulipitsa mipata ya kunsonga, kadzang'ambika n'kumwazikana. Musanyadirenso 98 pa 100 ya njira ya Smith ndi Waterman musanaone kuti yatenga zilembo zingati. Ikhoza kukhala 98 pa 100 ya zilembo 50 mwa 600.

5.

Choyenera: Ngati gene yanu imapanga puloteni, isandutseni kaye puloteni, mulinganize pamenepo, kenaka mubwerere ku DNA. Thupi limawerenga DNA zilembo zitatuzitatu, ngati mawu. Tengani chiganizo ichi: ANA AJA ALI UKO. Chotsani mawu athunthu, AJA, chitsala ANA ALI UKO, ndipo chikumvekabe. Koma chotsani chilembo chimodzi chokha, N wa poyamba uja, n'kuwerenganso zitatuzitatu: AAA JAA LIU KO. Zonse za kutsogolo zasanduka zopanda mutu. N'chifukwa chake mipata yeniyeni m'ma gene amoyo imakonda kukhala ya zilembo 3, 6, 9 ndi kutero. COVID-19 ya mtundu wa Alpha inataya zilembo 6 pa gene ya puloteni yake ya minga, ndiko kuti zilembo ziwiri za puloteniyo pamalo 69 ndi 70, n'kupitirira kufala bwinobwino. Pulogalamu yolinganiza DNA wamba sidziwa za mawu a zilembo zitatuwa, ndipo imatha kudula mpata wa 6 kukhala 2 ndi 4. Diso lanu ndilo liyenera kugwira zimenezo.

Chosayenera: Mukaona mpata wa chilembo chimodzi, musathamangire kulengeza kuti gene yafa. Onani pamene wagwera. Makina ang'onoang'ono a MinION, amene afika m'malabotale ambiri mu Africa poti amalowa m'thumba, amavutika kuwerenga chilembo chimodzi chikabwerezabwereza: AAAAAAA akhoza kumuwerenga ngati A asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi atatu. Mpata wa chilembo chimodzi pamalo otero kawirikawiri umakhala wa makina. Koma musaufufutenso mwachisawawa, pakuti ma gene akufa alikodi. Salmonella ya mtundu wa ST313, imene yapha ana ambiri ndi akuluakulu ofooka m'thupi polowa m'magazi, ofufuza anaiwerenga yonse kuchokera pa chitsanzo cha ku Blantyre chotchedwa D23580, ndipo anapeza ma gene angapo atawonongeka, ena atasoweratu. Kuti musiyanitse chilema chenicheni ndi cha makina, bwererani ku tizidutswa toyambirira muone ngati tonse tikuvomerezana, kapena muwerengenso chigawocho ndi makina a mtundu wina.

6.

Choyenera: Vomerezani kuti mipata ina ilibe malo amodzi oona. Mu January 2021, pamene maliro a COVID-19 anachuluka m'dziko muno, mtundu umene unkafala kwambiri unali Beta, umene South Africa inaulengeza mu December 2020. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre anaupeza mwa odwala a nthawi imeneyo. Beta inataya zilembo zitatu za puloteni ya minga. Mukawerenga malipoti, ena amati zinathothoka ndi 241 mpaka 243, ena 242 mpaka 244. Ophunzira amandifunsa kuti wolakwa ndani. Zilembo za pamalo 240 mpaka 245 ndi TLLALH, ndipo mu Beta munatsala TLH:

TLLALH
T---LH

TLLALH
TL---H

Onse akunena zoona. L amene anatsalayo sanena kuti ndine wa pa 241 kapena wa pa 244. Malikisi ndi ofanana, ndipo palibe chindapusa chimene chingaweruze mlanduwu. Chofunika n'kusankha lamulo limodzi, monga kukankhira mipata yonse kumanzere mmene mapulogalamu ambiri amachitira, n'kulisunga pa fayilo yonse.

Chosayenera: Musaphatikize zotsatira za mapulogalamu awiri musanaone ngati amakankhira mipata mbali imodzi. Mukatero, ngozi imodzi idzawerengedwa ngati ziwiri zosiyana, ndipo mudzajambula mtengo wa chibale wokhala ndi nthambi imene kulibe. Musawerengenso mpata wa zilembo 9 ngati kusintha 9.

7.

Choyenera: Funsani kuti mndandanda umene mukuyezerapo unachokera kuti. Pa HIV, malo onse amawerengedwa potsata HXB2, kachilombo ka gulu B, lofala ku Ulaya ndi ku America. Kuno kwathu lofala ndi gulu C, monga anaonetsera ofufuza a ku Chilumba m'boma la Karonga, powerenga timadontho ta magazi touma pa mapepala timene tinasungidwa kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Pa chikuto cha kachilomboka pali zigawo zotchedwa V1 ndi V2 zimene zimatalika ndi kufupika mosiyanasiyana ngakhale mwa munthu mmodzi. Gwiritsani HXB2 popereka manambala a malo, kuti mumvane ndi anzanu a kunja, koma polinganiza ikanimonso mindandanda ya gulu C. Ndipo zigawo ngati V1 ndi V2 zikakana, zichotseni pojambula mtengo wa chibale, n'kunena kuti mwazichotsa.

Chosayenera: Musaiwale zilembo zolowerera. Mapulogalamu ambiri a COVID-19 amakakamiza mndandanda uliwonse kukhala wa zilembo 29,903, monga wa ku Wuhan woyamba uja, ndipo chimene chalowerera amachiika pambali. Omicron yoyamba, imene asayansi a ku Botswana ndi South Africa anailengeza mu November 2021, inali ndi zilembo zitatu zatsopano za puloteni, E, P ndi E, pamalo 214. Woyang'ana fayilo yodulidwa kale sakanaziona. Mlimi uja akangowerenga mapando osowa, saona pamene mbewu zinagwera mowirikiza.

8.

Chosayenera: Musakhulupirire kalinganizidwe ka m'zigawo zobwerezabwereza. Tizilombo ta malungo tili ndi DNA imene zilembo 80 pa 100 zilizonse ndi A kapena T, ndipo m'malo ambiri mumangoti ATATATAT osalekeza. Pamenepo mpata ungakhale paliponse.

Choyenera: Tengerani phunziro ku Karonga. Mu 2015 ofufuza a Karonga Prevention Study ndi anzawo a ku United Kingdom anafalitsa zotsatira za DNA yonse ya tizilombo ta chifuwa chachikulu kuchokera pa zitsanzo 1,687 za m'zaka za 1995 mpaka 2010. Kuti anene kuti odwala awiri mwina anapatsirana, tizilombo tawo tinayenera kusiyana ndi zilembo zosaposa 10 mwa zilembo 4.4 miliyoni. Taganizani kuchepa kwake. Ma gene a PE ndi PPE, amene ndi obwerezabwereza, akhoza okha kubala kusiyana kwabodza kopyola pamenepo, n'chifukwa chake ofufuza a TB amakonda kuwaika pambali asanayambe kuwerenga. Apa cholakwa sichithera pa pepala. Kumbuyo kwa zilembozo kuli anthu a mudzi umodzi, mwina a nyumba imodzi, ndipo kunena kuti uyu anapatsira uyu si mawu opepuka.

9.

Choyenera: Dulani nsonga zonse ziwiri za mndandanda wochokera ku makina a Sanger, pamene timapiri ta chithunzi chake tili tosokonekera, ndipo mndandanda ukakana kugwirizana yesani kuutembenuza. DNA ili ndi zingwe ziwiri zoyenda mosemphana. China chimawerengedwa chobwerera, A n'kukhala T, C n'kukhala G.

Chosayenera: Musayambe kusewera ndi chindapusa musanachite ziwirizi. Mtsikana wina anafika kwathu mmawa wa chifunga cha mu July atatha masiku atatu akusinthasintha manambala, maso atafiira. Tinangotembenuza mndandanda wake, mipata yonse n'kuzimiririka.

10.

Choyenera: Yezani nambala ya zogwirizana ndi mtundu wa chamoyo chimene mukuphunzira. Mu 2018 gulu lotsogozedwa ndi Milan Malinsky ndi Richard Durbin linafalitsa DNA yonse ya nsomba 134 za mitundu 73 ya banja la mbuna, utaka ndi anzawo a m'nyanja ya Malawi. Linapeza kuti mitundu iwiri imasiyana ndi pakati pa 0.1 ndi 0.25 pa 100. Ndiye kuti pa zilembo 1,000, chimodzi, ziwiri, mwina zitatu. Nsomba zimene msodzi wa ku Nkhata Bay amazisiyanitsa ali patali, pa DNA ndi ana a bere limodzi. Pa nsomba zimenezi mpata uliwonse umene mwauona uyenera kukudabwitsani, ndipo chindapusa chokwererapo n'choyenera. Pa mapuloteni a zamoyo zimene zinasiyana kalekale, mipata ndi yochuluka, ndipo zogwirizana zikatsikira pakati pa 20 ndi 35 pa 100 mwalowa m'chisisira, momwe wachibale ndi mlendo amaoneka chimodzimodzi.

Chosayenera: Musatchule dzina la nsomba chifukwa choti BLAST yaika dzinalo pamwamba. Kachidutswa ka COI, ka zilembo pafupifupi 650, kamene kamasiyanitsa bwino nyama zambiri, pa nsomba zathuzi kamapereka mitundu yambirimbiri yofanana 99 pa 100 kapena kuposa. Dzina la pamwamba lingakhale la amene anatsogola kutumiza fayilo yake. Onani E-value, imene imakuuzani kuti ndi kangati malikisi otere angabwere mwangozi, onani kutalika kwa chigawo chimene chagwirizana, ndipo werengani mayina khumi otsatira. Kenaka pitani mukaione nsombayo, muwerenge mamba ndi mano ake, mufunse asodzi dzina lake.

11.

Choyenera: Yesani katundu ndi mphamvu ya laputopu yanu. Mindandanda iwiri ya zilembo 1,000 imafuna timabokosi 1 miliyoni, ntchito ya kamphindi. Iwiri ya COVID-19 imafuna pafupifupi 894 miliyoni. Iwiri ya TB imapyola 19 thiriliyoni. Apa m'pamene mapulogalamu odula njira amathandiza: BLAST, ya mu 1990, ndi minimap2 ya Heng Li amayamba apeza timawu tifupi togwirizana ndendende, n'kumawerengera tebulo mozungulira pomwepo. Pa mindandanda yambiri nthawi imodzi pali MAFFT, MUSCLE ndi Clustal. Ikani mapulogalamuwa pa laputopu bandulo ikadalipo, kuti magetsi kapena netiweki zikavuta ntchito isaime.

Chosayenera: Musaiwale kuti wodula njira amatha kuphonya. BLAST ikapanda kupeza kanthu, sikuti chibale palibe. Ndipo pa mindandanda yambiri, mpata umene walowa molakwika pa iwiri yoyamba umatha kutengedwa mpaka kumapeto, choncho tsegulani fayiloyo muiyende ndi maso, mzere ndi mzere.

12.

Chosayenera: Musalembe mu lipoti kuti mindandanda inalinganizidwa ndi kompyuta, basi n'kulekera pomwepo. Musakonzenso mpata ndi manja n'kukhala chete. Kukonza ndi manja si mlandu. Ine ndimakonza kawirikawiri, makamaka pobwezera mawu a zilembo zitatu aja m'malo mwake. Mlandu ndi kubisa.

Choyenera: Lembani dzina la pulogalamu ndi nambala ya mtundu wake, tebulo la malikisi, chindapusa chotsegulira ndi chotalikitsira, ngati munalipitsa mipata ya kunsonga, mndandanda umene munayezerapo ndi nambala yake ya ku GenBank, zigawo zimene munachotsa ndi chifukwa chake, ndi malo aliwonse amene munasuntha ndi manja. Sungani fayilo yoyamba yosakhudzidwa pa fulashi ina, yachiwiri mudzitumizire pa imelo. Zonsezi zimakwana pa theka la tsamba. Mukatero, mnzanu wa ku Blantyre, ku Lusaka kapena ku Tete akabwereza ntchito yanu adzapeza mpata uja pamene inu munaupeza, ndipo akaupeza pena adzadziwa nambala yoti akufunseni.